Joe Strummer sanathere pa The Clash

Mkonzi,

Bambo amene analemba sabata yatha kuti Joe Strummer anatha pomwe gulu la The Clash linapasuka mu 1986 aweruza mlandu asanamve mboni.

Akuti chimbale cha Strummer cha Earthquake Weather cha mu 1989 sichinayende malonda. Nzoona, koma kuyambira liti malonda akhala muyeso wa luso? Nanga bwanji sanatchule zimbale zitatu zimene anajambula ndi gulu la The Mescaleros?

Akuti ukali wake unazilala. Akamvere "Johnny Appleseed" ya mu Global a Go-Go, chimbale cha mu 2001. Magitala ake ndi ofatsa, koma uthenga wake ukuluma anthu adyera monga kale. Kufuula si ukali wokhawo.

Akuti anasochera potsata nyimbo za maiko ena. Ine ndinkamumvera pa wailesi ya BBC World Service, m'pulogalamu yake ya London Calling, akuika nyimbo za ku Africa ndi ku South America. Ankazidziwa bwino, ndipo nyimbo yake ya "Bhindi Bhagee", yotamanda zakudya za anthu obwera ku London, inachokera m'khutu lomwelo. Ndiponso reggae anali nayo kale ali mu The Clash.

Strummer anamwalira mu December 2002, chimbale cha Streetcore n'kutuluka mu 2003. M'menemo muli "Coma Girl" ndi "Redemption Song" ya Bob Marley. Bambowa akayambe amvera zimenezi, kenako adzalembenso.

Wowerenga wanu,
Zomba