Kodi Anthu a mu Lost Adali m'Purigatoriyo?

Pa 22 September 2004 wailesi ya kanema ya ABC ku America idayamba kuonetsa sewero lotchedwa Lost. Ndege ya Oceanic 815, pochoka ku Sydney kupita ku Los Angeles, idagwa pachilumba chosadziwika. Opulumuka adaona malodza: chimbalangondo choyera cha kumadzi oundana m'nkhalango yotentha, utsi wakuda wopha anthu, ndiponso John Locke, amene adali wopuwala miyendo, akudziyendera yekha. Posakhalitsa owonera ambiri adagamula mlandu: anthu onsewa adafa pangoziyo, ndipo chilumbacho ndi Purigatoriyo.

Ulosi umenewu sudali wopusa. Pafupifupi aliyense pachilumbapo adali ndi chomulemera mumtima. Kate adapha bambo wake, Sawyer adali tambwali wobera anthu ndalama, Charlie adali kapolo wa mankhwala ozunguza bongo, ndipo Jack adanyamula maliro a bambo ake m'ndege momwemo asadayanjane nawo. Nawonso eni sewero adakolezera moto. Mu 2006 adatulutsa buku lomwe amati adalemba mmodzi wa okwera ndegeyo, Gary Troup, dzina limene mukasakaniza zilembo zake limapereka mawu achingerezi otanthauza Purigatoriyo.

Komabe alembi ake, Damon Lindelof ndi Carlton Cuse, ankakana. Mu May 2007 tidaona Jack ndi Kate ali ku Los Angeles atachoka pachilumbapo, amoyo ndithu. Pamene chigawo chomaliza cha 2010 chidayamba kuonetsa dziko lina, m'mene ndege ija idatera bwinobwino, owonera adalosera kuti ndi mbiri yatsopano yobadwa ndi bomba limene Juliet adalimenya kuti liphulike mu 1977. Apa ndiye adaphonyeratu. Pa 23 May 2010 zidaululika kuti zonse za pachilumba zidachitikadi, koma dziko lachiwiri lija ndilo lidali malo a akufa, kumene ankadikirana mpaka aliyense atakumbukira moyo wake. Mawu adawalosera bwino, malo ndiwo adawasokoneza. Mpaka lero alipo amene amaumirira kuti adafa kuyambira pachiyambi, mwina chifukwa ABC idaonetsa zigumukire za ndege pagombe lopanda munthu sewero litatha.

Ine ndikuti alembi adachita bwino kukana ulosi woyamba uja, ngakhale adasiya mafunso ambiri osayankhidwa, ndipo ena mwa iwo adangowathawa. Taganizani. Chikhala kuti onse adafa tsiku loyamba, imfa ya Charlie, amene adamira pochenjeza anzake za sitima yachilendo, ikadakhala nsembe yanji? Wakufa kale sapereka moyo. Ulosi uja umaoneka wauzimu, koma ukadachotsa kulemera kwa zonse zimene anthuwo adasankha m'magawo 121. Purigatoriyo satha kulowa m'malo mwa moyo. Amadza pambuyo pake, ndipo amalandira munthu monga moyowo udamusiyira.

Tisafulumire kunena kuti sewero lidaphunzitsa za Mpingo wathu. Mathero ake adachitikira m'tchalitchi, inde, koma pazenera lake padali zizindikiro za zipembedzo zingapo. Ndiponso bambo a Jack, Christian Shephard, adafotokoza kuti malowo adawapanga ndi anthuwo eni ake kuti adzapezane. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 1030 mpaka 1032, akuphunzitsa zina: amene amwalira m'chaulere cha Mulungu koma asadayere kotheratu amayeretsedwa, ndipo ife amoyo timawathandiza ndi mapemphero, makamaka nsembe ya Misa, monga timachitira pa 2 November. Mu Lost, chimene akufa amachifuna kwambiri ndi nkhope za anzawo.

Pali munthu mmodzi amene owonera sakadamuyembekezera kuti n'kutiyandikiza ku chiphunzitsochi. Benjamin Linus, wabodza ndi wakupha, adafika pakhomo la tchalitchi lija, napepesa kwa Locke amene adamupha ndi manja ake. Locke adamukhululukira. Hurley adamuitana kuti alowe. Iye adakana, natsala panja pabenchi, poti adali ndi zina zoti akonze kaye.