NCHITO YOLEMBA MAU A DOTOLO: MAKOLO FUNSANI MUSANALIPIRE

Pa intaneti pamapezeka zilengezo za maphunziro a nchito yochedwa medical transcription, ndipo acinyamata otsiriza Grade 12 amaziona pa lamya zao za m'manja. Zilengezozo zimalonjeza kuti munthu adzagwira nchito ali pakhomo nalandira ndalama zakunja. Popeza malipiro a sukulu kumudzi amacokera m'nkhokwe ndi m'khola, nkoyenera kuti makolo aidziwe bwino nchitoyi asanagulitse cimanga kapena ng'ombe.

Nchito imeneyi inakula kwambiri ku America. Dotolo akatha kupima wodwala amalankhula m'makina ojambula mau, kufotokoza matenda ndi mankhwala amene wapereka. Kalaliki amamvetsera mauwo, kuwaimitsa ndi kuwabweza popondereza kacitsulo ndi phazi, uku manja akutaipa lipoti. Ambiri amalipidwa powerengera mizere imene alemba. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, zipatala za kumeneko zinayamba kutumiza nchitoyi ku India ndi ku Philippines, kumene malipiro ndi ocepa ndiponso kumaca pamene ku America kukuda. Motero dotolo podzuka amapeza lipoti litalembedwa kale.

Koma tsopano zinthu zasintha. M'caka ca 2009 boma la America linakhazikitsa lamulo lochedwa HITECH, limene linapereka ndalama kwa zipatala kuti zisunge mbiri ya odwala m'makompyuta. Madotolo ambiri anayamba kudzilembera okha, ndipo makina omva mau a munthu ndi kuwalemba pompo afalikira. Ofesi yowerengera za nchito m'dzikomo, Bureau of Labor Statistics, imanena kuti olembedwa nchitoyi adzanka nacepa. Otsalawo makamaka amakonza zimene makina alakwitsa.

Kukonzako si kwa munthu wamba. Kumafuna khutu lozolowera Cingelezi ca anthu a mitundu yosiyanasiyana, ndi kudziwa maina a ziwalo ndi matenda ocokera ku Cilatini ndi Cigriki. M'Cingelezi 15 ndi 50 amamveka mofanana, koma pa muyeso wa mankhwala kusiyana kwace kungatengetse moyo. Pamafunikanso intaneti ndi magetsi osaduka, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene cilala ca 2024 cinadzetsa madzi atacepa ku Kariba. Paja akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi ndiye kuti mwana wodziwa kutaipa alibe malo m'cipatala? Iai. Kuno kwathu madotolo ndi anamwino amalemba okha, kotero kuti wowalembera mau safunika kwenikweni. Cofunika ndi kusunga bwino zolembedwazo. Unduna wa za Umoyo uli ndi njira ya SmartCare yosungira mbiri ya odwala m'makompyuta, ndipo njirayo imadalira makalaliki olowetsa maina, masiku ndi zotuluka m'kupima mosaphonya. Mbiri ikasocera, mai wapakati kapena munthu wakumwa ma ARV amayambanso kufotokoza zonse kwa namwino wosamudziwa, ndipo cithandizo cimacedwa.

Kalaliki wotere ayeneranso kukhala wosunga cinsinsi. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limateteza mbiri ya umoyo wa munthu, ndipo wotulutsa za matenda a mnansi wace pa citsime kapena pa mowa angazengedwe mlandu.

Cotero kholo lisanatulutse ngwee, lifunse zinthu zitatu. Kodi sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, bungwe loyang'anira masukulu a nchito za manja ndi luso m'dziko lino? Kodi amene anatsiriza caka catha akugwira nchito kuti? Kodi setifiketi yace imalandiridwa m'zipatala zathu? Wosungitsa mbiri pa cipatala ca m'boma lanu angathe kukuuzani maphunziro amene iye anacita. Safunsa anadya phula.