Pemphero la paulendo silichotsa udindo wathu

Kuwerenga: Ezara 8:15-34

Abale ndi alongo mwa Ambuye, tili ndi mwambo wabwino wakuti galimoto isananyamuke, mmodzi amavula chipewa ndi kupemphera. Koma tiyeni tifunsane: kodi tikanena kuti "Ameni", ntchito yathu yathera pomwepo?

Taganizirani banja limene likuchoka ku Blantyre kupita ku ukwati ku Mzuzu. Ndi mtunda wa makilomita oposa 600 pa msewu wa M1. Liwoloka Shire pa Zalewa, lidutsa Ntcheu, liyenda m'malire a Mozambique mpaka ku Dedza, kenaka Lilongwe, Kasungu ndi Jenda. Likamalowa m'nkhalango ya Chikangawa, woyendetsa amakhala atatopa, dzuwa litapendeka, ndipo kawirikawiri chifunga chimaphimba msewu wokhotakhotawo. Pamenepa m'pamene pamadziwika amene adakonzekera.

Ezara adali ndi ulendo woposa umenewu. Kuchokera ku Babulo kukafika ku Yerusalemu adayenda miyezi inayi, ali ndi ana aang'ono ndi chuma cha m'nyumba ya Mulungu. Ambiri timakumbukira kuti adaitanitsa kusala kudya pa mtsinje wa Ahava. Chimene timaiwala n'chakuti asanatero, adakhala masiku atatu pamenepo, nayendera anthu ake. Atapeza kuti panalibe Alevi, sadanyamuke. Adatuma amithenga kukawatenga. Adayesa siliva ndi golide pa sikelo, napereka m'manja mwa anthu osankhidwa, ndipo atafika adayesanso. Munthu wopemphera yemweyo ndiye adali munthu wowerengera.

Ifenso tili ndi Ahava wathu: tsiku limodzi kapena awiri tisananyamuke. Tionetse galimoto kwa makaniko. Tione matayala, mabuleki, magetsi ndi tayala lapadera. Tiwerengere ndalama ya mafuta opitira ndi obwerera, osadalira kuti abale akatithandiza kumeneko. Tigwirizane malo opumira, ndipo ngati kuli kotheka pakhale oyendetsa awiri. Ngati mdima watipeza ku Kasungu, kugona komweko si manyazi. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika.

Ena adzati kuchita zonsezi ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, pakuti Ezara yemweyo adachita manyazi kupempha asilikali kwa mfumu. N'zoona. Koma Nehemiya, popita ku mzinda womwewo, adapempha makalata a mfumu ndipo adaperekezedwa ndi asilikali okwera pa akavalo. Malembo satsutsa aliyense wa awiriwa. Chimene Ambuye Yesu adachikana pamwamba pa Kachisi ndicho kudziponya pansi dala ndi kuyembekezera kuti angelo atiwakhe. Kunyamuka usiku ndi matayala akutha, anthu atapanikizana, woyendetsa asanagone, ndi kuyesa Mulungu, ngakhale titayimba nyimbo zauzimu njira yonse.

Amene timawanyamula ndi anthu olengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Chimodzimodzinso mwana wowoloka msewu pa msika wa Lizulu ndi wanjinga wa ku Mponela. Ansembe aja pa Yerusalemu adapereka chuma chonse chokwanira monga adachilandirira. Woyendetsa aliyense afunitsitse kupereka chimodzimodzi miyoyo imene adailandira m'mawa.

Choncho tipemphere, pakuti mawa sali m'manja mwathu. Koma tikadzuka pa maondo, tikagwadenso pa matayala. Mulungu adalitse maulendo athu onse. Ameni.