Asanaimbe a, e, i, o, u

Mwezi wa Seputembala ukamayandikira, makolo timatanganidwa ndi yunifolomu, makope ndi kumuimbitsa mwana a, e, i, o, u, ngati kuti Sitandade 1 amalowera mayeso. Ine ndimaona kuti tikuyambira kumchira. Chiyambire pomwe pulayimale inakhala yaulere mu 1994, makalasi oyambirira amadzaza, ena mpaka kuphunzirira pansi pa mtengo, ndipo mphunzitsi wosamalira ana oposa 100 sangamange mabatani a aliyense. Choncho mwana wa zaka 6 adziwe kupempha kuti apite kuchimbudzi, kunyonyomala osaopa, kenako kusamba m'manja ndi sopo kapena phulusa. Chimbudzi chokumbachi musachipeputse. Mwana wozolowera poti kapena kuseri kwa nyumba amaliopa dzenje lakuda lija, amadzigwira mpaka kunyowetsa kabudula, anzake n'kumuseka, mawa lake n'kuyamba kunamizira m'mimba. Ndinazionera pa mdzukulu wanga, ndipo tinavutika naye mwezi wathunthu. Mwana adziwenso dzina lake lenileni, osati "Bebi" wa pakhomo uja, komanso dzina la makolo ake ndi la mudzi wawo. Nanga kapu ya phala? Kusukulu zolandira phala la Mary's Meals, mwana wosazolowera kusunga chake amaitaya sabata yoyamba. Mtumeni akagule mchere paokala yapafupi, abweretse chenji. Musiyeni avale yekha malaya ngakhale atembenuze, manja anu akuyabwa kufuna kumuthandiza.