Mwana akapanda kutengedwa ku UNZA

Zotsatira za Giledi 12 zikatuluka, m'makomboni mwathu mumamveka nthungululu, koma pakapita miyezi ingapo nyumba zambiri zimangoti zii. Mwana anakhoza ndithu, makirediti asanu ali nawo, koma mapointi ake ndi 18 kapena 22, ndipo malo amene ankafuna ku UNZA kapena ku CBU atenga anzake a mapointi ochepa. Wa ku Kalingalinga zimamuwawa koposa, poti UNZA ili pakhomo pake penipeni.

Makolo ambiri amati, "Dikira, udzayesanso chaka chamawa." Kudikira kumeneku ndimakuopa. Chaka chimodzi chimasanduka zitatu. Mnyamata amayamba kuitanira mabasi ku City Market, mtsikana amakhala m'kabokosi kotumizira ndalama za pafoni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, satifiketi ili phee pansi pa matiresi. Ntchitozo sindikuzinyoza, zimadyetsa mabanja. Koma mwanayo sanakhalire sukulu zaka 12 kuti athere pamenepo.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pali makoleji amene khomo lake si lopapatiza ngati la UNZA, ndipo ena mwa odalirika ndi a Mpingo wa Katolika. Ku Kalulushi kuli Zambia Catholic University, ya maepiskopi athu, imene inatsegulidwa mu 2008. Masisitere a Daughters of Mary Immaculate ali ndi DMI-St. Eugene University ku Chibombo. Wofuna uphunzitsi aganizire Charles Lwanga College of Education kufupi ndi mishoni ya Chikuni ku Monze, imene anayambitsa ansembe a Chijezuiti. Wofuna unamwino, pa msewu wopita kum'mawa pali St. Luke's ku Mpanshya, ndipo ku Katete kuli St. Francis, chipatala chimene Akatolika amayendetsa pamodzi ndi a Anglican.

Chimene chimandikoka ku makoleji aang'ono otere ndi ichi: mphunzitsi amamudziwa mwana dzina. Mwana wochokera ku George kapena ku Chawama, amene ankawerengera kandulo magetsi akazima, m'chipinda chogona anthu asanu, nthawi zambiri mapointi ake sasonyeza nzeru zake zonse. Amafunika malo amene akajomba kalasi wina afunse kuti ali kuti. Wophunzira unamwino pachipatala cha mishoni amalowa mu wodi msanga, odwala ali pomwepo, saima pamzere wautali kudikira mpata woti agwire singano. Ndipo simufunika kukhala Mkatolika kuti akulandireni.

Komabe, amayi ndi abambo, dzina la woyera mtima pachipata lisakutsekeni maso. Mu Lusaka muno muli timakoleji tambiri totchedwa "Saint" wakuti, pamene mpingo sukutidziwa n'komwe. Funsani a bambo mfumu a parishi yanu ngati sukuluyo ndi ya mpingo zoona. Kenako onetsetsani kuti ndi yolembetsedwa. Yunivesite iyenera kudziwika ku Higher Education Authority, za ntchito zamanja ku TEVETA, za unamwino ku Nursing and Midwifery Council of Zambia. Mufunsenso za kosi yeniyeniyo imene mwana akufuna, chifukwa sukulu imatha kukhala yovomerezeka pamene kosi inayo ayi. Boma litalemba ntchito aphunzitsi opitirira 30,000 mu 2022, pepala losazindikirika linalibe pololowera.

Za ndalama tisanamizane. Makoleji a mpingowa si a boma, ndipo ngongole ya maphunziro ya HELSB yakhala ikupita kwa ophunzira a m'mayunivesite a boma. Choncho tengani pensulo, muwerengetse zonse: fizi, pogona, chakudya, yunifolomu, ya basi yopita ku Kitwe kapena ku Monze ndi kubwerako. Muwerengetse za zaka zonse, chifukwa mwana wosiyira pakati amabwera ndi ngongole popanda pepala. Ngati ndi kosi ya TEVETA, pitani ku ofesi ya khansala mukafunse za thandizo la CDF. Ngati chilimba chanu ndi kantemba sizingakwanitse digiri ya zaka zinayi, dipuloma ya zaka zitatu si yochititsa manyazi.

Musanalipire ngakhale ngwee imodzi, kwerani basi pamodzi ndi mwanayo mukaone sukuluyo ndi maso anu. Mukalowe m'kalasi ndi mogona, ndipo mukacheze ndi ophunzira a chaka chomaliza pamene palibe wa mu ofesi akumvetsera.