Pakhonde la Mwalimu: Masika a ku Ntcheu



Ndikulemba izi nditafunda bulangete, pamene inu a ku Mangochi ndi ku Salima mwina mukugonabe mazenera ali otsekula. Ine ndinabadwira kunyanja, koma ntchito yophunzitsa ana kumadrasa inandikweza mtunda kuno ku Ntcheu, ndipo chaka chilichonse ndimadziwa kuti masika afika popanda kuyang'ana kalendala. Madzi otawazira m'bandakucha ndiwo amandiuza. Mwezi wa Epulo ukamatha amayamba kuluma zala, ndipo ana amene ankafika msanga amayamba kufika dzuwa litakwera, manja ali m'khwapa.

Komatu nyengo iyi ndimaikonda kuposa ina iliyonse. Mvula yakata, matope auma, udzudzu wachepa, ndipo mapiri a Kirk amaoneka ngati asendera pafupi. M'minda mwaima mikukwe, ngolo za ng'ombe zili pikitipikiti kututa chimanga, amayi akufukula mtedza ndi mbatata. Palibe khomo limene mungalowe osapatsidwa dzungu lophika kapena chipanda cha thobwa. Ana anga amabwera matumba a makabudula atatupa ndi mtedza wauwisi, ndipo ndikatembenukira ku bolodi ndimangomva makoko akuthetheka. Ndimakalipa, inde, koma amene wandigawira ndimamukalipira pang'ono. Madzulo mayi wa kunyumba amaphika futali, ndiye timadya tikuotha moto wa zitsononkho.

Mukafuna kuona masika ndi maso, kwerani msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti, mudzafike pamsika wa Lizulu, pamene msewu wa M1 uli m'malire: tsidya ili Malawi, tsidya ilo Mozambique. Kachewere, kabichi, anyezi ndi matimati zimaunjikidwa milumilu. Pambali pake pamakhala madengu a usipa ndi utaka wochokera kwanu. Kumtunda kumadya nyanja, kunyanja kumadya kumtunda, ndipo ine wa pakati ndimapindula mbali zonse.

Mphepo ikutiziziritsa kunoyi ndi mwera womwe uja umavundula nyanja kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti. Ife timaudandaula chifukwa cha milomo yong'aluka, inu mumauwerengera ndi mabwato. Amayi, mwana wanu akamakankhira bwato m'madzi mafunde atayera, musaope kumuletsa. Usipa ukwere mtengo kuno, tidya nkhwani.

Mwambo wina wa masika ndi wa anyamata okumba mbewa, zimene amazitunga kumitengo ndi kugulitsa m'mbali mwa msewu. Ife sitidya, ndipo sindinakanganepo ndi mnansi pa za m'mbale mwake. Chimene chimandipweteka ndi moto umene amayatsa posaka mbewazo. Umanyeketsa mapesi amene akanawolerana ndi kubwezera chonde m'nthaka, umanyeketsanso udzu wofolera nyumba, ndiye pofika Okutobala mtolo wa udzu timachita kugula.

Koma nkhani yaikulu ndi sikelo. Chimanga chisanaume bwino, mavenda amakhala atapachika kale masikelo awo pansi pa mitengo, ndalama zili m'manja. Munthu amene wakhala miyezi isanu osagwira kobiri amaona ngati mwayi wamugwera. Mnansi wanga wina anagulitsa pafupifupi zokolola zonse mu Meyi, nagula wailesi ndi njinga. Mu Januwale njinga ija inagulitsidwa kuti agule chimanga, mwina chake chomwe chija, pamtengo wokwera kwambiri. Sindikumuseka, pakuti sopo, mchere ndi fizi ya mwana sizidikira. Koma tonse tikukumbukira 2024, pamene ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Chaka chimenecho amene anasunga matumba awiri a chaka cham'mbuyo ndiye anali mfumu. Werengani pakamwa pa m'nyumba mwanu, patulani chakudya chofikira Malichi, chotsalacho ndiye mupite nacho ku sikelo. Ngati ndalama ikufunika msanga, yambani mwagulitsa mtedza kapena nkhuku.

Posunga pafunikanso nzeru. Nkhokwe ya makolo inkakwanira kale, koma kuyambira zaka za m'ma 1990 tili ndi nankafumbwe wamkulu uja woboola ngakhale mitengo ya nkhokwe. Tonolani, yanikani mpaka njere izilira pa dzino, kenaka thirani mankhwala kapena sungani m'matumba osalowa mpweya aja a PICS.

Popeza matumba ali poyera, ino ndiyonso nthawi ya zakaat ya zokolola, imene siyembekezera kuti chaka chithe ngati ya ndalama. Ambiri amandifunsa mulingo wake. Amene wakolola chimanga chotonola kapena mpunga wopuntha wofika pafupifupi makilogalamu 650, ndiye kuti matumba 13 a makilogalamu 50, apereke gawo limodzi mwa magawo 10 ngati mbewuzo zinakula ndi mvula. Wokolola matumba 20 apatule awiri. Wa kudimba, amene anathirira ndi keni kapena pampu, apereke theka la mulingowo. Wolandira simusowa kumufuna kutali. Gogo amene munda wake unagonera chifukwa cha matenda mumamudziwa dzina, ndipo ulendo wopita kwawo ndi wa wilibala.

Dzulo mwana wina anandifunsa ngati mtedza wa m'thumba mwake nawo uli ndi zakaat. Ndinamuuza kuti sunafike mulingo, koma anandigawirabe dzanja limodzi. Amene akukwera kuno mwezi uno atenge juzi, ndipo asaiwale kadengu ka usipa wofutsa. Kachewere mudzamupeza atakudikirani.

Wassalam.