Mwana wa ku Ndirande sakulira pa Chileka

Anzanga amene mukulemba nkhani zopeka, ndili nanu mlandu. Mwana wofotokoza nkhani yanu amayamba bwino: akugulitsa mandasi pamsika wa Ndirande, akumenya mpira wachikulunga ku Bangwe, ali pamzere wa madzi ku Machinjiri. Koma ikakwana nthawi yoti akule, mumamupezera sukulu kunja, mumamukweza ndege pa Chileka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ati wakula. Wakula pati? Wangosamuka basi.

Chizolowezichi tinachita kutengera. Mu I Will Try, buku la 1965, Legson Kayira akusimba mmene anayendera wapansi kuchokera kumpoto kwa Nyasaland mpaka ku Khartoum, kenako n'kukaphunzira ku America. William Kamkwamba wa ku Kasungu, mu The Boy Who Harnessed the Wind la 2009, anapanga makina amphepo opangira magetsi, ndipo pambuyo pake anakamaliza maphunziro ku Dartmouth. Amenewa ndi mabuku a moyo weniweni, ndipo anthuwa ndimawavulira chipewa. Chimene ndikukana ndi kusandutsa njira yawo chikombole choumbira mwana aliyense wa m'buku.

Taonani Tambu mu Nervous Conditions ya Tsitsi Dangarembga, ya 1988. Ambiri m'kalasi timathamangira kunena kuti anakula chifukwa anachoka kumudzi n'kupita kumishoni. Ayi. Atangofika kumishoniko, Tambu amaona Babamukuru ngati mulungu wamng'ono, ndipo chilichonse chotuluka pakamwa pawo amangomeza. Kukula kwake kukuoneka tsiku limene akukana kupita ku ukwati wa kutchalitchi umene Babamukuru anakakamiza makolo ake, poona kuti ukwatiwo ukusandutsa amayi ndi abambo ake choseketsa. Akukwapulidwa, koma maso ake asintha kale. Munthu amene amamulipirira fizi ndi yemweyo amene wayamba kumukayikira, ndipo kukayikako kuli ndi mtengo wake.

NoViolet Bulawayo ndiye anaulula bodza la ndegeli. Mu We Need New Names ya 2013, Darling wa zaka 10 akuchoka m'zisakasa za Paradise n'kupita ku Michigan. Kumapeto, amene akulankhula ngati munthu wamkulu ndi Chipo, mnzake amene anatsala, anabereka ali mwana, ndipo akumudzudzula Darling chifukwa cholankhula za dziko limene analithawa.

Nanga ife tikusowa chiyani? Mu Meyi 1992 ogwira ntchito pafakitale ya nsalu ya David Whitehead ananyanyala, ndipo zipolowe zinafalikira mu Blantyre, anthu n'kuphedwa. Panali ana ku Ndirande amene anaona zonsezo ali pakhonde, m'nyumba zimene dzina la Kamuzu linkatchulidwa monong'ona. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Tengani mtsikana wa zaka 11 wa ku Zingwangwa, pafupi pomwepo. M'mitu yoyamba abwereze zimene wamva kwa akulu, kuti Mulungu wakwiya. Pakati pa buku ayambe kufunsa kuti mitengo ya m'phirimo inapita kuti, komanso ndani ankagawa malo pamtsetse ngati uja. Kenako azindikire kuti makala amene amayi ake amagulitsa, omwe amamugulira yunifolomu, nawonso anali mitengo ya phiri lina.

Mtsikana ameneyu sakufunika pasipoti. Akufunika mlembi woleza mtima, wodziwa kusintha chilankhulo chake pang'onopang'ono: mawu obwereka kwa agogo ndi kwa abusa azichepa, ake azichuluka, mpaka woŵerenga adabwe kuti mwana uja wasiya liti kunena kuti "amati" n'kuyamba kunena kuti "ndinaona". Mutu womaliza umupeze akadali pa Zingwangwa pomwepo, akuthandiza amayi ake kuyeza makala m'majumbo.